Mawu oti "tonse tichita" ndi amene akupha makalabu athu

Alimi anzanga mvula yayandikira, nde ndati tikumbutsaneko za makalabu athu a ulimiwa. Ambiri timawayamba ndi moto mu Okutobala, ndalama tasonkha, nyimbo tayimba, koma pofika Febuluwale pansi pa mtengo pamatsala tcheya ndi msungichuma basi, awiriwiri kumangoyang'anizana. Ine poyenda m'midzimu ndaona kuti nthawi zambiri si ndalama yomwe imathetsa gulu ayi, ndi tizizolowezi ting'onoting'ono tomwe timati n'topanda ntchito.

Kalabu ina yomwe ndimayendera inagwirizana zopanga manyowa a Mbeya, aja timasakaniza phulusa, madeya, ndowe ndi zina nkumanga m'thumba. Aliyense anavomera, manja anawomba, pomwazikana mawu anali oti "tonse tibweretse zipangizo". Tsiku litakwana ndapalasa njinga mtunda wonsewo, ndikupeza zitini zisanu ndi chimodzi za phulusa, madeya palibe olo kambale, ndowe palibe, pulasitiki yoika m'kati mwa thumba aliyense amaganiza kuti abwera nayo mnzake. Phulusa ndi laulere paja, nde aliyense anathamangira lomwelo. Tinataya sabata yathunthu, pomwe manyowa amenewa akamangidwa m'thumba amafuna masiku 21 pamthunzi kuti apse, mvula siidikira kuti mwakonzeka kapena ayi.

Nde musamatseke msonkhano ndi mawu oti tonse. Ntchito iliyonse ikhale ndi dzina la munthu komanso tsiku lake, madeya abweretsa uje Lachitatu, ndowe za mbuzi uje, madzi uje, mlembi alembe m'kope kenako awerenge mokweza anthu asanadzuke. Sabata yotsatira muyambire pomwepo musanalowe nkhani zina, kufunsana mmodzimmodzi kuti mwafika pati. Kufunsa si kunyoza ayi. Munthu akadziwa kuti dzina lake litchulidwa pagulu, amakumbukira yekha ali kunyumba.

Ndipo onani anzathu a banki mkhonde, iwo izi anazigwira kalekale. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndalama imawerengedwa aliyense akuona, wochedwa amalipira fayindi olo atakhala mkazi wa amfumu. Anthu omwewo akabwera ku kalabu ya ulimi bwanji zimasintha? Msonkhano wa 2 koloko ukuyamba 4, amene anasunga nthawi wasiya ntchito kudimba nkudzakhala maola awiri padzuwa, sabata ya mawa nayenso achedwa dala, ndipo simungamunene. Yambani ndi amene afika, kaya ndi anayi, ola limodzi lakwana mwamwazikana. Ochedwawo akapeza mutamaliza kawiri katatu asintha okha.

Koma gulu silingakonze munthu amene kwake zinthu zili balalabalala. Gulani kope la ana asukulu lija, muzilembamo tsiku lomwe mwadzala, mbewu yake, tsiku lomwe chimanga chamera, ndalama ya ganyu. Ndikafunsa kuti munadzala liti ambiri amati "mvula yachiwiri ija", nanga feteleza wobereketsa amene amafunika pakatha masabata atatu kapena anayi chimerere muwerengera pati? Ngati kulemba kumavuta mwana wa sitandade 6 akulemberani madzulo mukudikira nsima, si zamanyazi.

China ndi kuzolowera kuyendera munda m'mawa kawiri pa sabata, osati kuima m'malire nkumati chikuoneka bwino. Lowani m'kati, pindani msana, suzumirani kumtima kwa chimanga. Mukaona masamba obooka ndi tindowe tonga utuchi dziwani kuti mbozi za ntchemberezandonda zafika, ndipo pamenepo musasunge nkhani, uzani mlimi wotsogolera ndi oyandikana nawo minda tsiku lomwelo, kaya pa foni kaya potunga madzi, chifukwa agulugufe ake amauluka usiku sadziwa malire a munda wa munthu.

Makolo athu ankaitana dima, lero kulima kwa uyu mawa kwa uyo, thobwa lili pambali. Palibe choletsa kuchita zomwezo podzala. Njira ya Sasakawa ija, mizere kutalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando, imatopetsa ukakhala wekha nde ambiri amafika pakati pa munda nkuyamba kuponya zitatuzitatu. Mukakhala asanu wina agwira chingwe, wina akumba, ena aponya ndi kukwirira. Kungoti ndondomeko ya minda muipangiretu panopa mvula isanagwe, ndipo munda wa tcheya usakhale woyamba chaka chilichonse, yambirani kwa agogo kapena amayi amene alibe wowathandiza, kapena chitani mayere pamaso pa onse mlembi alembe.