Kufufuza ngati odwala a ku ekisire amapatsidwa kope la chilolezo chawo

Achemwali a ku Kasungu, mwafunsa mmene mungadziwire ngati wodwala akasayina fomu yovomera kujambulidwa amapita nalo kope lake. Yambani ndi kaundula wa chipinda chojambulira. Sankhanimo odwala a mwezi umodzi, koma okhawo ofunika chilolezo cholembedwa, monga obayidwa mankhwala a ayodini mumtsempha kuti impso zioneke bwino. Ekisire wamba wa pachifuwa musavutike naye, mawu apakamwa amakwanira.

Kenako tsegulani mafayilo awo. Pa fomu iliyonse onani tsiku, siginecha ya amene anafotokozera wodwala za kujambulako, ndi siginecha kapena chidindo cha chala cha wodwala. Pa chidindo payenera kukhalanso mboni, ndipo mwana amamusayinira kholo kapena womuyang'anira.

Apa m'pamene ambiri amalekera, komatu fomu ya m'fayilo siikuuzani zimene wodwala watenga. Khalani pakhomo pa chipinda chojambulira masiku angapo, muwafunse odwala oterewa akamatuluka: "Agogo, akupatsani pepala lililonse?" Akavomera, pemphani mulione, kawirikawiri limakhala lopindidwa m'buku lawo lakuchipatala.

Werengani opatsidwa ndi osapatsidwa, osalemba mayina. Zotsatirazo kambiranani ndi anzanu, mubwerezenso kafukufukuyu pakatha miyezi itatu.