Mmene mungaweruzire nokha mkangano wa mwini mpira pa masewero a m'mayunivesite a ku America

Mpira wa chi America umene amasewera ophunzira a m'mayunivesite, womwe malamulo ake amalembedwa ndi bungwe la NCAA, suchedwa kubutsa mikangano, koma yambiri mwa mikanganoyo imabwerera pa funso limodzi: pamene seweroli linkatha, mpira unali m'manja mwa ndani, ndipo unali pati? Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi, yotchedwa ma down, kuti iyende mayadi 10, choncho kulandidwa mpira kapena kuperewera pang'ono chabe kumatha kutembenuza masewero onse. Ngati mwayamba kumene kutsatira mpirawu, mungathe kumaweruza nokha zigamulo zokayikitsa, bola muzifunsa mafunso oyenera ndiponso muziwafunsa mwa dongosolo lake.

Musanaone kanema wobwereza, yambani mwadziwa chimene oyimbira agamula pabwalo. Pa masewero akuluakulu pamakhala oyimbira asanu ndi atatu, ndipo amene wavala chipewa choyera ndiye amalengeza chigamulo. Woyimbira akamapingasa manja mobwerezabwereza ndiye kuti mpira woponyedwa sunawakhidwe. Akaponya pansi kathumba kakang'ono osaliza wenzulo, akuika chizindikiro pamalo pamene mpira wapulumukira wosewera, zomwe amazitcha fumble, ndipo sewero likupitirira. Chifukwa choyambira pamenepa n'chakuti woyimbira wa pa kanema, yemwe amaunika sewero lililonse, amayamba ndi maganizo akuti anzake a pabwalo alondola, ndipo saloledwa kusintha chigamulo chawo pokhapokha kanemayo atapereka umboni wosatsutsika. Amene anazolowera VAR mu mpira wamiyendo savutika kumvetsa zimenezi. Tanthauzo lake n'lakuti sewero limodzi lomwelo likhoza kutha m'njira ziwiri zosiyana malinga ndi chimene chinagamulidwa poyamba, ndipo ochemerera ambiri amene amakalipa amakhala ataiwala mfundo imeneyi.

Mukadziwa chigamulo, funsani ngati wosewerayo anaugwiradi mpira mwa lamulo. Pamafunika zinthu zitatu: aumbatire mpira mosagwedezeka, agunde pansi ndi mbali ina ya thupi ali m'kati mwa bwalo, kenaka akhale nawo kwa kanthawi kokwanira kuchita chinthu cha m'masewero, monga kutembenuka, kuufungatira kapena kuzemba mdani. M'mayunivesite phazi limodzi ndi lokwanira, pomwe mu ligi ya akatswiri ya NFL amafuna mapazi onse awiri, ndipo kusiyana kumeneku kumasokoneza anthu amene amaonera mipikisano yonse iwiri. Ngati wowakhayo akugwa pamene akugwira mpira, ayenera kukhala nawobe mpaka atamaliza kugwako. Mpira ukamupulumuka pogunda pansi, ndiye kuti sanauwakhe, ngakhale atakhala kuti anauonetsa bwino m'manja ali m'malere.

Chinthu chachitatucho, cha nthawi, ndicho chimadya anthu mutu. Pa 28 Disembala 2019, pa masewero a Fiesta Bowl omwe anali a m'ndime ya matimu anayi otsiriza ya mpikisano wa dziko lonse, Clemson inkatsogola ndi mapointi 21 kwa 16 pamene wosewera wake Trevor Lawrence anaponyera mpira mnzake Justyn Ross. Ross anaugwira ndi manja awiri n'kuponda pansi kangapo, Jeff Okudah wa Ohio State ali naye pathupi, mpaka Okudah anamuphumitsa mpirawo, mnzake Jordan Fuller n'kuutola kukagoletsa touchdown, chigoli chofika ndi mpira m'dera logoletsera la adani. Oyimbira a pabwalo anavomereza chigolicho, koma a pa kanema anachikana ponena kuti Ross anali asanamalize kuwakha, ndipo Clemson inapambana 29 kwa 23. Mukamaunika sewero lotere, lioneni kawiri m'njira ziwiri. Kanema woyenda pang'onopang'ono ndi wabwino poona pamene phazi laponda kapena ngati mpira ukusuntha m'zala, koma amanamiza pa nkhani ya nthawi, chifukwa chinthu chochitika m'kuphethira kwa diso chimaoneka ngati chatenga nthawi yaitali. Za nthawi ziweruzeni pa liwiro lenileni la masewero. Ine ndimaona kuti pa sewero la Ross anthu anzeru zawo akhoza kusiyana maganizo, ndipo pa chifukwa chomwecho umboniwo sunali wosatsutsika, kotero chigamulo cha pabwalo chinayenera kusiyidwa momwe chinalili.

Ngati palibe chikayiko kuti wosewera anali ndi mpira, funso lotsatira n'lakuti kodi anali atagwa kale mpira usanamupulumuke. Lamulo la NCAA likuti wonyamula mpira wagwa pamene mbali ina iliyonse ya thupi lake, kupatula dzanja ndi phazi, yakhudza pansi, ngakhale palibe mdani amene wamugunda. Bondo, chigongono, phewa kapena thako zikangokhudza udzu, sewero latha pomwepo, ndipo chilichonse chochitika pambuyo pake chilibe ntchito. Choncho imitsani kanema pa chithunzi chimene bondo likukhudza pansi, kenaka yang'anani mpira: ngati wayamba kale kuchoka m'manja, ndi fumble, ngati udakali wogwiridwa bwino, ndi wa timu yomweyo. Samalani kuti kugona pa munthu si kugwa pansi. Mu Januwale 2011, pa masewero otsiriza olimbirana ukatswiri, Michael Dyer wa Auburn anagubuduzika pamwamba pa Eddie Pleasant wa Oregon bondo lake osafika pansi. Osewera ambiri anaima poganiza kuti zatha, koma wenzulo inali isanalire, ndipo Dyer anadzuka n'kuthamanga mpaka kukwanitsa mayadi 37, zomwe zinathandiza Auburn kupambana 22 kwa 19. Zosiyana ndi zimenezi zinachitika pa 31 Okutobala 2015 ku Durham, pamene osewera a Miami anapatsirana mpira chambuyo kasanu ndi katatu m'sewero lomaliza n'kugonjetsa Duke 30 kwa 27, chonsecho bondo la Mark Walton wa Miami linali litakhudza pansi asanautaye mpira. Bungwe la ACC, loyendetsa mpikisano wa matimuwa, linavomereza kulakwitsako ndipo linaimitsa ntchito oyimbirawo kwa masewero awiri.

Mpira ukagwa kuchokera kwa quarterback, yemwe ndi woponya wamkulu wa timu, yang'anani dzanja lake. Ngati dzanjalo linayamba kupita kutsogolo mpira uli m'menemo, umenewo ndi mpira woponyedwa umene sunawakhidwe, ndipo timu yake ikhala nawobe. Ngati mpira unachoka kaye dzanja n'kupita kutsogolo lopanda kanthu, ndi fumble yomwe aliyense angatole. Mpira woponyedwa chambuyo nawo sufa ukagunda pansi. Osewera a matimu awiri akawakha mpira nthawi imodzi, umapatsidwa kwa timu imene inauponya, koma lamuloli siligwira ntchito ngati wina anayamba kuugwira mnzake n'kudzangoikapo manja pambuyo.

Pamene osewera aunjikana pa mpira, musathamangire kukhulupirira amene akuloza mbali ya timu yawo, chifukwa onse amaloza. Funani kanema woonetsa amene anaufungatira mulu usanatseke, kapena amene watuluka nawo. Mfundoyi ndi yofunika kwambiri pamene oyimbira analiza wenzulo poganiza kuti wosewera wagwa, kanema n'kudzaonetsa kuti unali fumble: timu inayo imapatsidwa mpira pokhapokha zikuoneka poyera kuti inautola nthawi yomweyo, ndipo mtunda umene inathamanga nawo suwerengedwa. N'chifukwa chake oyimbira odziwa ntchito amachedwetsa wenzulo akakayika. Chitsanzo chomvetsa chisoni ndi cha pa 16 Seputembala 2006 ku Eugene, pamene Oregon inamenya mpira waufupi, wotchedwa onside kick, pofuna kuutenganso. Lamulo limaletsa timu yomenya kukhudza mpira usanayende mayadi 10, koma wosewera wa Oregon anaukhudza usanafike, komanso amene anautola anali Allen Patrick wa Oklahoma. Oyimbira anaupereka kwa Oregon, wa pa kanema sanasinthe kanthu, Oklahoma inagonja 34 kwa 33, ndipo bungwe la Pac-10, lomwe linatumiza oyimbira, linapepesa n'kuimitsa oyimbirawo kwa masewero amodzi.

Pali malamulo ena awiri ofunika kuwaloweza chifukwa amadabwitsa ngakhale otsatira akale. Mpira wopulumuka ukagubuduzika kutsogolo n'kutuluka m'mbali mwa bwalo, umabwerera kwa timu imene inali nawo, pamalo pamene unapulumukira. Koma ukalowa m'dera logoletsera la adani n'kutulukira kumeneko, umaperekedwa kwa adaniwo, ngakhale sanaukhudze n'komwe. Lamulo limeneli ndi lowawa, koma woyimbira amene walitsatira sanalakwe. Lachiwiri n'lakuti pa mpata wachinayi, mpira wopulumuka ukatoledwa ndi mnzake wa amene wautaya, timuyo siipindula ndi mtunda umene mpirawo wayenda kutsogolo, pofuna kuti osewera asamauponye pansi dala.

Mkangano wina sukhala wa mwini mpira koma wa malo, ngakhale zotsatira zake n'zofanana, popeza timu yoperewera pa mpata wachinayi imataya mpira. Chimene chimayezedwa ndi pamene nsonga ya mpira inafika panthawi imene wosewera anagwa kapena anaimitsidwa, osati pamene panafika mutu wake. Mzere wachikasu umene mumaona pa wailesi ya kanema, woonetsa pamene timu iyenera kufika, amaujambula ndi a kanemawo, ndipo pabwalo palibe. Kamera nayonso ikakhala kuti siili molunjika ndi mzerewo, imasocheretsa maso. Pa 26 Novembala 2016, J.T. Barrett wa Ohio State anathamanga pa mpata wachinayi mu nthawi yowonjezera yachiwiri akufunika yadi imodzi, oyimbira anati wafika, kanema sanapereke umboni wotsutsa, ndipo Ohio State inagonjetsa Michigan 30 kwa 27. Mpaka lero ochemerera a matimu awiriwa amaonetsana zithunzi zojambulidwa kuchokera mbali zosiyana, aliyense akuti chake ndicho cholondola. Pa sewero lotere, ngati mulibe chithunzi cholunjika chooneka mpira weniweniwo, vomerezani kuti chigamulo cha pabwalo chikhala.

Dziwaninso zimene kanema sangakonze. Milandu yodalira maso a woyimbira, monga kugwira mdani kapena kusokoneza wowakha mpira usanafike, siiunikidwa pa kanema, choncho kufuula kuti aonenso sikuthandiza. Mphunzitsi wamkulu ali ndi mwayi wopempha kuti sewero liunikidwe, koma ayenera kukhala ndi timeout (mwayi woimitsa masewero kwa kanthawi) yotsala, ndipo akaluza pempholo imamuthera. Masewero akatha, dikirani chikalata cha bungwe limene linatumiza oyimbira, chifukwa kulakwitsa kukakhala kwakukulu mabungwewa nthawi zina amavomereza poyera, monga anachitira a ACC ndi a Pac-10. Koma musayembekezere kuti zotsatira zisintha. Pa 6 Okutobala 1990 oyimbira anasokonezeka powerenga, n'kupatsa Colorado mpata wachisanu umene inagoletsera touchdown yogonjetsera Missouri 33 kwa 31. Zotsatirazo sizinasinthe, ndipo Colorado inamaliza chakacho itagawana ukatswiri wa dziko ndi Georgia Tech. Mu 1940 Cornell inapambananso Dartmouth mothandizidwa ndi mpata wachisanu, ndipo zotsatira zinatembenuka kukhala 3 kwa 0 mokomera Dartmouth, koma chinali chifukwa chakuti akuluakulu a Cornell, ataona filimu ya masewerowo, anasankha okha kubweza chipambanocho.