Kava ya galimoto yogona panja

Ngati galimoto yanu imagona panja, chonde musaiphimbe ndi lona ija timayanikira chimanga. Mvula siilowa, inde, koma chinyezi chochokera pansi chimatsekeredwa mkati. Pofika Febuluwale mipando ikununkha nkhungu, dzimbiri layamba kudya m'mphepete mwa zitseko.

Gulani kava yopitisa mpweya, yofewa mkati, yoyera kapena yasiliva kuti izibweza dzuwa la Okutobala lija limang'amba dashibodi. Yezani utali wa galimoto musanapite kogula, chifukwa ya Vitz siingakwane Hilux, ndipo yaikulu kwambiri imakupizakupiza ndi mphepo n'kumakwecha penti. Ikhalenso ndi lamba wodutsa kunsi.

Musanaphimbe, tsukani galimoto, iume. Fumbi likatsala pansi pa kava limakanda penti ngati mchenga.