Kalata ya £100 ya makamera a paking'i kuno ku UK, momwe mungaikanire

Abale amene mukuyendetsa galimoto kuno ku England ndi Wales, makamaka a ntchito ya care amene mumalowa malo amodzi kawiri katatu pa tsiku, kalata ya Parking Charge Notice ikafika musathamangire kulipira. Onani kaye yachokera kuti. Ya khansolo imalembedwa Penalty Charge Notice ndipo ili ndi njira yakeyake, pano ndikunena ya makampani olondera paking'i ya pa mashopu. Kuitaya mu bini ayinso, mu 2015 Supreme Court pa mlandu wa woyendetsa galimoto wina dzina lake Beavis inavomereza kuti £85 imene kampani ya paking'i inamulipiritsa inali yololedwa.

Makamera a ANPR aja sajambula galimoto itaima, amangowerenga nambala polowa ndi potuluka basi. Ndiye mukalowa mmawa kugula mkaka, potuluka lole nkutchinga nambala kapena kuli chimvula, madzulo mwabweranso kamera osakuonani polowa, kompyuta imalumikiza kulowa kwa mmawa ndi kutuluka kwa madzulo nkumati munakhalapo tsiku lonse. Amati double dipping ndipo ine inandigwera imeneyi.

Choyamba werengani madeti. Ngati sanamate tikiti pa galasi, lamulo la Protection of Freedoms Act 2012 limati kalata ifike kwa mwini galimoto pasanathe masiku 14, ikachedwa sangamugwire mwiniyo, ayenera kudziwa amene amayendetsa. Nchifukwa chake apilo mulembe ngati keeper (mwini galimoto uja), osatchula amene anali pa chiwongolero, palibe chokukakamizani. Adilesi yanu amagula ku DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, pa £2.50 yokha, ndiye ngati munasamuka konzani adilesi pa V5C (logbook ya galimoto) msanga makalata asamapite kunyumba yakale.

Tsopano pa umboni, apa ndi pomwe ine panandivuta. Apilo yanga yoyamba anaikana ndi kalata yoti ukaiwerenga umaona kuti amatumizira aliyense, mmenemo zithunzi ziwiri zokha, polowa ndi potuluka, zomwe ndinafotokoza sanayankhepo olo chimodzi. Chomwe chimathandiza ndi Subject Access Request, imelo yopita kwa woona za data ku kampaniyo yopempha zithunzi zonse ndi nthawi zonse zimene makamera awo anawerenga nambala yanu tsiku limenelo. Ndi yaulere, koma lamulo limawapatsa mwezi wathunthu kuti ayankhe ndipo kwa ine anadikira mpaka kumapeto kwenikweni, uku masiku a apilo yachiwiri (yopita ku bungwe lina, ndiifotokoza kumapeto) akutha, mtima uli m'mwamba. Ndiye tumizani tsiku lomwelo kalata yafika, musadikire akukaneni kaye. Tsiku lomwelonso tengani screenshot ya Timeline ya Google Maps, rota ya ku ntchito, app imene mumalowera kwa ma client (maina awo mufute chonde), malisiti awiri osonyeza nthawi zosiyana, ngakhale statement ya ku banki. Dashcam imafuta yokha zakale, chotsani memory card lero lomwe. Manijala wa shopu mumuonenso, nthawi zina mukaonetsa lisiti amatha kuuza kampaniyo ikansele zonse zisanapite patali.

Mu apilomo musachulutse zodandaula. Nenani kuti galimoto inabwera kawiri, zithunzi ziwiri sizikutsimikiza kuti inakhalapo nthawi yonseyo, ikani umboni wanu, ndipo a kampaniyo awonetse kuti makamera awo amawayeza liti komanso nthawi yake ndi yolondola. Ngati nkhani ndi yoti munangopitirira pang'ono, malamulo awo omwe amapereka mphindi 10 nthawi ikatha. Muli ndi masiku 28 opangira apilo.

Za ndalama, £100 ija imatsika kufika £60 mukalipira m'masiku 14, koma mukalipira nkhani yatha, apilo palibenso. Komanso chenjerani ndi mawebusayiti olipiritsa kuti akulembereni kalata, zitsanzo zaulere zilipo pa MoneySavingExpert. Mameseji a pa foni okhala ndi link oti lipirani fine lero ndi akuba amenewo, kampani yeniyeni imayamba ndi kalata ya pa positi kapena tikiti ya pa galasi.

Akakukanani onani pansi pa kalata kuti kampaniyo ili m'bungwe liti la makampani a paking'i, ngati ali a BPA akupatsani code ya manambala 10 yopitira ku POPLA, bungwe lomva apilo yachiwiri, m'masiku 28, ngati ali a IPC apilo yachiwiriyo ndi ku IAS. POPLA ndi yaulere kungoti £60 ija imakhala yapita, mukaluza ndi £100 yonse. Ikani umboni womwe uja, a kampaniyo akatumiza wawo muuyankhe. Makalata a ma debt collector oonjezera £70 asakuopseni, iwowo sangalande katundu popanda chigamulo cha khothi. Koma Letter of Claim (kalata yochenjeza kuti akupita nanu ku khothi) kapena fomu ya county court muyankhe nthawi isanathe, CCJ (chigamulo cha khothi choti muli ndi ngongole) yosalipidwa mkati mwa mwezi imakhala pa dzina lanu zaka 6.