Kuwedza coho pamene nyanja ikulowa mumtsinje wa Columbia

Msodzi wofika koyamba ku Astoria, m'boma la Oregon ku America, amakonda kufunsa malo amene nsomba zili. Funso loyamba liyenera kukhala lakuti madzi adzaza nthawi yanji. Pano mtsinje wa Columbia umathira m'nyanja ya Pacific, ndipo kawiri pa tsiku nyanja imakwera n'kukankhira madzi ake mumtsinje, kenako n'kuphwanso. Coho, mtundu wina wa nsomba ya salmon, amalowa ndi madzi okwerawo.

Nsombayi imabadwira m'timitsinje ta kumtunda, imatsikira kunyanja ikapitirira chaka, ndipo zambiri zimabwerera kukaswa zili ndi zaka 3, zikulemera makilogalamu 3 mpaka 5. Amene anaonapo mpasa ukukwera mtsinje wa Bua akudziwa ulendo wotere, ngakhale nsomba ziwirizi si pachibale. Dera lowedzali limatchedwa Buoy 10, dzina la chizindikiro choyandama cha pakamwa pa mtsinje, ndipo limafika cha ku Tongue Point. Kawirikawiri amalitsegula pa 1 Ogasiti, koma coho amachuluka kumapeto kwa mweziwo ndi mu Sepitembala.

Tsono mvetsani za madziwa. A m'nyanja ndi ozizira ndiponso olemera chifukwa cha mchere, choncho akamalowa amazembera pansi pa madzi ofunda a mtsinje. Pamene akumana pamaoneka mzera wa thovu, tizinyalala ndi udzu wa m'nyanja; mbali ina madzi obiriwira, mbali ina otuwa. Yendetsani boti m'mphepete mwa mzerawo. Madzi akangoyamba kudzaza khalani kumunsi, akamakwera nanunso kwerani nawo kulowera ku mlatho wa Astoria-Megler. Ambiri ndimawaona atakakamira pamene anapha dzulo, kuiwala kuti madzi amachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Nsomba za dzulo lija zadutsa kale.

Kawedzedwe kake n'kokoka nyambo kumbuyo kwa boti likuyenda pang'onopang'ono. Pachingwe mumayamba ndi mtovu, kapena kachipangizo komiza chingwe kotchedwa diver, kenako chonyezimira chotchedwa flasher, kumapeto nyambo. Nyambo yodalirika ndi herring, kansomba ka m'nyanja, yodula mutu mopendeketsa, kuti ikamakokedwa izizungulira ngati kansomba kovulala. Musanaimize, iviikeni pambali pa boti muone ndi maso anu. Ikangokwekwereka osazungulira, dulaninso kapena sinthani, musaumire nyambo. Spinner, nyambo yachitsulo yozungulira ikamakokedwa, yofiirira kapena ya pinki nayo imagwira bwino, makamaka madzi akafunda n'kumafewetsa herring.

Cholakwika chachikulu ndi kumiza kwambiri. Chinook, salmon wina amene ndi mkulu wake wa coho, ndiye amakonda pansi. Coho amayenda chapamwamba, nthawi zina mamita atatu kapena asanu okha, ndipo amakonda nyambo yothamangako. Mukakhala angapo m'boti, aliyense amize mosiyana, ndipo amene wayamba kupha auze anzake kutalika kwa chingwe chake. Muzikhotakhotanso, chifukwa nyambo ikasintha liwiro pokhota m'pamene yambiri imakhwathulidwa.

Ndodo ikayamba kugwedera, manja m'thumba kaye. Isiyeni m'choikira mpaka iwerame ndithu chingwe chikutuluka. Mukatsomphola msanga mumangoilanda nyambo kukamwa. Ikakodwa, coho salimbana mwaulemu: imalumpha, imadzikulunga m'chingwe, mwina n'kuthamangira kuboti komweko. Kulungani msanga chingwe chisakhwepe, pakuti mbedza zololedwa kuno ndi zopanda kaminga kobwerera m'mbuyo, ndipo chingwe chikangolefuka nsomba yapita.

Musanaitulutse m'madzi, yang'anani pamsana pafupi ndi mchira. Nsomba zoswetsedwa m'malo oweta anazidula kachipsepse kanofu kamene kamakhala pamenepo, ndipo izo ndi zimene mungatenge. Ngati kachipsepseko kalipo, ndi yobadwira mumtsinje. Ichotseni mbedza ili m'madzi momwemo, osaigwira m'makha, osaigoneka m'boti kuti muijambule. Coho wa kumunsi kwa Columbia analembedwa m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi mu 2005. Onaninso nkhama za nsagwada ya m'munsi: za coho n'zoyera, za chinook n'zakuda bii. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa nthambi zoona za nsomba za Oregon ndi Washington, boma la kutsidya kwa mtsinje, zimatha kutseka chinook nyengo ili pakati, coho akuloledwabe. Werengani malamulo m'mawa uliwonse, ndipo chiphaso chikhale m'thumba.

Yololedwayo iduleni makha magazi atuluke, muiike pa ayezi nthawi yomweyo. Musachedwe nayo m'madzi, ma sea lion, nyama zikuluzikulu za m'nyanja zodya nsomba, amadikira pomwepo ndipo amakusiyirani mutu wokha.

Kuphwa kwa madzi ndiko kumapha anthu. Mtsinje ukamatsika mwamphamvu n'kukumana ndi mafunde a nyanja, pakamwa paja pamaima mafunde otalika, ndipo injini ikazima madzi amakukokerani komweko. Boti laling'ono lisayandikire Buoy 10 madzi akuphwa. Chenjeraninso ndi mchenga wa Desdemona Sands pakati pa mtsinje, patukirani sitima zikuluzikulu za katundu m'njira yake, ndipo jekete yoyandamitsa muivale musanachoke padoko la Hammond kapena Ilwaco.