Momwe mungakonzere vnStat ikamakana kulemba mu database kapena kuyamba yokha

Amene amayang'anira seva ya Linux ambiri amakonda vnStat chifukwa ndi yopepuka. Pulogalamuyi, imene analemba Teemu Toivola wa ku Finland, siyang'ana zomwe zili m'kati mwa data yodutsa pa netiweki. Imangowerenga manambala amene kernel, mtima wa Linux, imasunga kale, n'kumawalemba mu database kuti muzitha kuona kuchuluka kwa data yolowa ndi yotuluka pa ola, pa tsiku ndi pa mwezi. Koma zimachitika kuti mwaiika, mwadikira, ndipo mukalemba `vnstat` ikungoyankha kuti "Not enough data available yet." mawa lake, mkuja wake, mpaka sabata yatha. Kapena imagwira bwinobwino, koma kompyuta ikazima n'kuyakanso, zonse zimangoti zii.

Mavuto awiriwa nthawi zambiri gwero lake ndi limodzi: amene akuyendetsa pulogalamu si amene ali mwini wa fayilo ya database. Mukamvetsa zimenezi, zotsalazo n'zosavuta.

Dziwani kaye kuti vnStat ili pawiri. Pali `vnstat`, imene mumalemba inuyo pa terminal kuti muone manambala, ndipo pali `vnstatd`, imene imagwira ntchito kuseri osaonekera, n'kumalemba mu database. Kuyambira mtundu wa 2.0, umene unatuluka mu 2018, database yake ndi ya SQLite, kapulogalamu kosungira data, ndipo ndi fayilo imodzi, `vnstat.db`, yokhala mu foda ya `/var/lib/vnstat`. Mitundu yakale ya 1.x inkasunga fayilo imodzi pa khadi lililonse la netiweki. Malamulo ali m'munsimu ndi a 2.x, choncho yambani ndi `vnstat --version` kuti mudziwe chomwe muli nacho.

1. Imvani kaye zomwe pulogalamuyo ikudandaula

Musanasinthe chilichonse, lembani malamulo awiri awa:

```
systemctl status vnstat
sudo journalctl -u vnstat -b
```

Loyambalo likuuzani ngati `vnstatd` ikuyenda, yafa, kapena siinayambe n'komwe. Lachiwirilo likutulutsa zonse zomwe yalankhula chiyakireni kompyuta. Werengani mizere ya kumapeto mofatsa, chifukwa mawu ake amasiyana ndipo aliwonse akuloza kwina.

Mukaona "Permission denied" kapena "attempt to write a readonly database", nkhani ndi ya umwini ndi zilolezo. "unable to open database file" kawirikawiri imatanthauza kuti foda kulibe kapena pulogalamuyo ikulephera kulowamo. "Read-only file system" ndi ina, ndipo `chmod` siithandiza pamenepo. Tiifika pa sitepe 5. "database is locked" ikutanthauza kuti pali pulogalamu ina yagwira fayiloyo. Ndipo ngati systemd, pulogalamu imene imayambitsa ndi kuyang'anira mapulogalamu ena pa Linux, yalemba `status=217/USER`, ndiye kuti dzina la amene akuyenera kuyendetsa pulogalamuyo kulibe pa kompyutapo, pomwe `status=203/EXEC` ndi yakuti njira yopita ku `vnstatd` ndi yolakwika.

2. Pezani amene akuyendetsa vnstatd

Pa Linux pulogalamu iliyonse imayenda m'dzina la winawake, ndipo imaloledwa zokhazo zimene iyeyo amaloledwa. Onani motere:

```
ps -o user,pid,cmd -C vnstatd
systemctl cat vnstat
grep -E "DaemonUser|DaemonGroup|DatabaseDir" /etc/vnstat.conf
```

Ngati pulogalamu ikuyenda, `ps` ikuonetsani dzinalo mwachindunji. Ngati yafa, yang'anani mzere wa `User=` mu zomwe `systemctl cat` yatulutsa, kapena `DaemonUser` mu fayilo ya `vnstat.conf`. Pa makina ambiri dzinalo ndi `vnstat` lomwelo. Mzere wa `DatabaseDir` nawonso uyang'aneni, chifukwa mwina wina anasamutsa database kalekale, inu mukuvutika ndi foda yolakwika. Mu fayiloyi mzere woyamba ndi `;` kapena `#` sugwira ntchito, pulogalamu imangotsatira zomwe inabwera nazo.

3. Yerekezani ndi mwini wa fayilo

```
ls -la /var/lib/vnstat
```

Tiyerekeze kuti mwapeza mizere iwiri iyi:

```
drwxr-xr-x 2 vnstat vnstat  4096 .
-rw-r--r-- 1 root   root   69632 vnstat.db
```

Vuto ndi limeneli, lili poyera. Foda ndi ya `vnstat`, koma fayilo ya m'katimo ndi ya `root`, dzina lokhala ndi mphamvu zonse pa makina. Zilembo za `rw-r--r--` zimawerengedwa zitatu zitatu: mwini wake akhoza kuwerenga ndi kulemba, gulu lake kuwerenga kokha, ena onse kuwerenga kokha. Ndiye `vnstatd` ikabwera m'dzina la `vnstat` imagwera m'gulu la ena onsewo. Kuwerenga ikuwerenga, n'chifukwa chake lamulo la `vnstat` likuonetsa manambala akale osadandaula, koma kulemba ayi.

Zimafika bwanji pamenepa? Kawirikawiri ndi `sudo`, lamulo loyendetsera zinthu m'dzina la `root`. Munthu waika pulogalamu, akufuna aone ngati ikugwira, walemba `sudo vnstatd -d` ndi manja, ndipo database yapangidwa ndi `root`. Kenako systemd ikadzayesa kuyendetsa m'dzina la `vnstat`, yapeza fayilo ya wina. Njira ina ndi kubweza database kuchokera ku backup ndi `sudo cp`: fayilo yatsopanoyo imakhala ya `root` pokhapokha mutagwiritsa ntchito `cp -a` kapena `cp -p`. Ikachokera pa seva ina pali msampha winanso, chifukwa Linux imasunga umwini ngati nambala, osati dzina. Nambala imene kumeneko inali ya `vnstat` kuno ikhoza kukhala ya wina, kapena ya aliyense ayi, ndipo `ls` ingoonetsa nambala pamalo pa dzina.

Pali chinanso chimene chimasokoneza anthu. Fayilo ya systemd, ija `systemctl cat` imaonetsa, ikakhala ndi mzere wa `StateDirectory=vnstat`, systemd imakonza yokha umwini wa fodayo poyambitsa pulogalamu. Koma ikapeza kuti foda yeniyeniyo ili kale ndi mwini woyenera, za m'katimo siizikhudza. N'chifukwa chake kuyambitsanso pulogalamu kakhumi sikusintha kanthu pa chitsanzo chathu chija.

4. Konzani umwini, foda ndi fayilo pamodzi

Imitsani kaye pulogalamu, kenako konzani:

```
sudo systemctl stop vnstat
sudo chown -R vnstat:vnstat /var/lib/vnstat
sudo chmod 755 /var/lib/vnstat
sudo chmod 644 /var/lib/vnstat/vnstat.db
```

Ngati pa sitepe 2 munapeza dzina lina, ikani limenelo.

Foda musaiiwale. SQLite ikamalemba, siingokhudza `vnstat.db` yokha. Imapanga kafayilo kena pambali pake, `vnstat.db-journal`, kapena tiwiri, `vnstat.db-wal` ndi `vnstat.db-shm`, kuti magetsi akazima pakati pa kulemba database isawonongeke. Kupanga fayilo yatsopano kumafuna chilolezo cholemba mu foda. Choncho fayilo ikhoza kukhala ya `vnstat` bwinobwino koma kulemba n'kumalepherekabe chifukwa foda ndi ya `root`. Ndipo timafayiloti mukatipeza musatifufute poganiza kuti ndi zinyalala, muli data imene mwina siinalowe mu database.

Pa manambala aja: kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, ndipo 1 ndi kuyendetsa, kapena pa foda, kulowamo. Ndiye 7 ndi zonse zitatu, 6 ndi kuwerenga ndi kulemba, 5 ndi kuwerenga ndi kulowa. Timasiya 755 ndi 644 kuti aliyense wa pa kompyutapo athe kuona manambala popanda `sudo`.

Mudzaona ena akulangiza `chmod 777`. Musatero. Zimagwiradi, koma zili ngati kuchotsa chitseko chifukwa kiyi akuvuta: aliyense ndi pulogalamu iliyonse ya pa sevapo ikhoza kufufuta kapena kusintha database yanu, ndipo chomwe chinalakwika simunachidziwe. Kuyendetsa `vnstatd` ngati `root` kuti nkhani ithe msanga nakonso ndi chimodzimodzi. Pulogalamu yongowerenga manambala ilibe chifukwa chokhalira ndi mphamvu pa makina onse.

Tsopano yesani ngati kulemba kukutheka, osadikira pulogalamu:

```
sudo -u vnstat touch /var/lib/vnstat/mayeso
sudo -u vnstat rm /var/lib/vnstat/mayeso
```

Zikadutsa mwakachetechete, zilolezo zili bwino. Zikakana, lembani `namei -l /var/lib/vnstat/vnstat.db`. Lamuloli limaonetsa zilolezo za foda iliyonse kuyambira pa `/` mpaka pa fayilo. Foda imodzi yokha ya m'njira ikasowa `x`, chilolezo cholowamo, kwa `vnstat`, pulogalamu siifika, ngakhale fayilo ya kumapetoko ikhale yotsegula chotani. Izi zimachitika kwambiri database ikaikidwa pansi pa `/home` kapena `/root`.

5. Zilolezo zili bwino koma ikukanabe

Apa ndi pamene anthu amataya maola. Mayeso a `touch` adutsa, koma pulogalamu ikuti "Read-only file system". Bwererani ku zomwe `systemctl cat vnstat` inatulutsa n'kufufuza mzere wa `ProtectSystem=strict`. Mzerewu umauza systemd kuti pulogalamuyi ione pafupifupi disiki yonse ngati yongowerenga, kupatula malo ochepa amene yapatsidwa. Mukasamutsa database kupita ku `/srv/vnstat` mwachitsanzo, malo atsopanowo sali pa mndandanda. Awonjezereni motere:

```
sudo systemctl edit vnstat
```

M'menemo lembani:

```
[Service]
ReadWritePaths=/srv/vnstat
```

Gwiritsani ntchito `systemctl edit`, osati kusintha fayilo ya pansi pa `/usr/lib/systemd/system` kapena `/lib/systemd/system`, chifukwa imeneyo imalembedwanso pulogalamu ikalandira update ndipo zanu zija zimapita.

Pa Fedora, Red Hat Enterprise Linux ndi abale ake palinso SELinux, imene imaika chizindikiro chake pa fayilo iliyonse. Fayilo yosamutsidwa ndi `mv` imapita ndi chizindikiro cha komwe yachokera, ndipo pulogalamu imakanizidwa ngakhale umwini uli wolondola. Onani ndi `ls -Z`, fufuzani zokanidwa ndi `sudo ausearch -m avc -ts recent`, ndipo konzani ndi `sudo restorecon -Rv /var/lib/vnstat`. Kuzimitsiratu SELinux chifukwa cha fayilo imodzi si nzeru.

Onaninso `df -h` ndi `df -i`, disiki yodzadza nayo imaletsa kulemba.

6. Iyambe yokha kompyuta ikayaka

Kuyambitsa pulogalamu ndi kuiuza kuti iziyamba yokha ndi zinthu ziwiri. `systemctl start` ndi ya lero lokha. `systemctl enable` ndi imene imaiika pa mndandanda wa zoyamba kompyuta ikamayaka. Pa Debian ndi Ubuntu zimenezi zimachitika zokha poika pulogalamu, koma pa Arch Linux ndi makina ena muyenera kuchita nokha:

```
sudo systemctl enable --now vnstat
systemctl is-enabled vnstat
```

Yankho likhale `enabled`.

Amene amalemba okha fayilo ya systemd, makamaka amene anamanga vnStat kuchokera ku source, amagwa pa chilembo chimodzi. `vnstatd -d` imauza pulogalamu kuti idzigawe: yoyambayo ibereke ina yopitiriza ntchito kuseri, iyo n'kutuluka. `vnstatd -n` imaiuza kuti ikhale pompo osadzigawa. Munthu amaganiza kuti popeza akufuna igwire ntchito kuseri, `-d` ndiye yoyenera. Koma systemd, pa `Type=simple`, imayang'anira yoyamba ija. Ikaona kuti yatuluka imati ntchito yatha, n'kupha yotsalayo. Inu mumangoona `inactive (dead)` popanda dandaulo lililonse. Mzere wolondola ndi uwu:

```
ExecStart=/usr/sbin/vnstatd -n
```

Zoika pulogalamu kuseri isiyireni systemd. Njira ya fayilo itsimikizeni ndi `command -v vnstatd`, ndipo mukasintha fayilo ya systemd ndi manja musaiwale `sudo systemctl daemon-reload`.

Onaninso kuti ikuyenda imodzi yokha ndi `pgrep -a vnstatd`. Mukaona mizere iwiri, ina ndi ija munayambitsa ndi manja, kapena ili mu `crontab` kapena `/etc/rc.local`, malo ena oyambitsira mapulogalamu, kuchokera ku malangizo akale. Ziwiri zikamalimbirana fayilo imodzi ndi pamene "database is locked" imatulukira. Ichotseni yachiwiriyo komwe ikuyambira, osangoipha, apo ayi ibweranso kompyuta ikayakanso.

Pulogalamu ikamafabe inu osaona chifukwa, iimitseni n'kuiyendetsa pamaso panu m'dzina lomwelo: `sudo -u vnstat /usr/sbin/vnstatd -n`. Dandaulo lake lituluka pa terminal pomwepo. Chofunika ndi `-u vnstat` ameneyo. Mukamusiya mwapanganso fayilo ya `root`.

7. Khadi la netiweki lolondola

Zonse zikhoza kukhala bwino koma manambala osaoneka chifukwa database ikudikira `eth0` pomwe khadi lanu ndi `enp3s0` kapena `wlp2s0`, mayina amene makina ambiri a systemd amagwiritsa ntchito masiku ano. Yerekezani `vnstat --iflist`, yoonetsa makadi amene alipo, ndi `vnstat --dbiflist`, yoonetsa amene ali mu database. Likasowa, liwonjezereni:

```
sudo -u vnstat vnstat --add -i enp3s0
sudo systemctl restart vnstat
```

Kenako dikirani pang'ono. `vnstatd` imasunga manambala mu memory n'kumawalemba pa disiki pakapita mphindi 5 zilizonse, malinga ndi `SaveInterval` mu `vnstat.conf`, ndiye uthenga wa "Not enough data" m'mphindi zoyambazo si vuto. Zikatha mphindizo lembani `ls -l /var/lib/vnstat`, muone ngati nthawi ya pa fayilo yasuntha. Ikasuntha, zimitsani kompyuta n'kuiyatsanso pa nthawi imene sizisokoneza ena, ndipo musanakhudze chilichonse lembani `systemctl status vnstat`. Payenera kulembedwa `active (running)`.