Momwe mungayendetsere ndalama za boma zokonzera laibulale kapena miyuziyamu ngozi ikachitika

Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, maso onse a mu Blantyre anali ku Chilobwe ndi ku Manja, kumene matope ochoka m'phiri la Soche anakwirira nyumba ndi anthu, ndipo kumeneko n'kumene maso anayenera kukhala. Kauniuni amene boma linachita pamodzi ndi mabungwe othandiza anapeza kuti pakufunika madola a ku America oposa 680 miliyoni kuti zinthu zibwerere mwakale. Pa mndandanda wotero misewu, milatho, sukulu ndi zipatala ndizo zimatsogola. Laibulale, miyuziyamu ndi holo ya zisudzo zimabwera kumapeto, ndipo kandalama kakapezeka kamakhala kochepa, ka nthawi yoikika, komanso kodzafunsidwa mpaka tambala yomaliza.

Nkhaniyi ndi yanu inu amene mumasunga makiyi a malo ngati amenewa. Ndalama ya boma imayendera pepala. Chimene simunalembe kapena kujambula, kwa owerengera ndalama za boma sichinachitike.

Jambulani musanagwire tsache

Madzi akaphwa, munthu amafuna kuyamba kukolopa. Dikirani kaye. Zimitsani magetsi pa switchi yaikulu, onetsetsani kuti denga ndi siling'i sizikugwerani, kenaka tengani foni. Jambulani chipinda chilichonse kuchokera pakhomo, kenaka pafupi: pamene madzi analekeza pakhoma, malata amene asasuka, mashelefu amene anyowa, ming'alu. Pa mng'alu ikani lula kuti kukula kwake kuoneke. Zithunzizo zitumizeni tsiku lomwelo ku imelo ya ofesi kuti tsiku lake lisadzakhale nkhani yokanganirana.

Lembaninso zowonongeka chimodzichimodzi motsata kaundula wa katundu wanu. Apa ndi pamene kaundula wosungidwa kunja kwa nyumbayo amapulumutsa. Laibulale ya Mzuzu University itapsa mu Disembala 2015, mabuku pafupifupi 45,000 anatha tsiku limodzi. Pa ngozi yotero, kaundula amene ali mu kabati ya m'nyumba momwemo amapsera limodzi ndi zimene amawerengera.

Pulumutsani za m'kati, musadikire ndalama

Khoma likhoza kudikira miyezi itatu, koma pepala lonyowa ayi. Kukamatentha ngati mmene kumachitira m'dzinja, chuku chimayamba pakatha masiku awiri kapena atatu, ndipo chikagwira buku chimasiya mawanga osachoka. Ndiye musananyamule kalikonse, gwirizanani zoyamba kutuluka. Ziyambe zimene kulibe kwina: makalata olembedwa pamanja, zithunzi zakale, matepi a mawu, makaundula, zinthu zobwereka kwa eni ake. Mabuku a sukulu amene mungagule ena m'sitolo atuluke pomaliza, ngakhale atakhala atsopano ndi okongola.

Buku longonyowa m'mbali liimikeni chotsegula pang'ono m'chipinda chodutsa mphepo, fani ikuzungulira koma osaloza pa bukulo. Lonyowa kwambiri ligonekeni, muziika mapepala oyera osalembedwa pakati pa masamba angapo, n'kumawasintha akanyowa. Masamba omatana musawakoke. Padzuwa musayanike: chikuto chimapindika, inki imafwifwa. Zithunzi zamatope zitsukeni pang'onopang'ono m'madzi oyera, osapukuta, n'kuziyala nkhope kumwamba. Ng'oma, zigoba ndi zosema zamtengo ziume pang'onopang'ono pamthunzi, chifukwa zikauma mofulumira zimang'aluka.

Mapepala akachuluka kuposa manja amene alipo, akulungeni m'timitolo ting'onoting'ono m'mapulasitiki n'kuwaika mu filiza. Kuzizira kumaimitsa chuku mpaka mutapeza mpata. Koma kuno kwathu njira imeneyi imafuna jenereta ndi dizilo, pakuti namondwe amapita ndi magetsi omwe. Tinaona mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Choncho kambiranani lero ndi amene ali ndi filiza yaikulu ndi jenereta, osati tsiku la ngozi.

Chilichonse chimene mwagula m'masiku amenewa, lona, mafani, magolovesi, dizilo, sungani lisiti lake. Aganyu asaine pa pepala la tsiku ndi tsiku losonyeza dzina, ntchito ndi ndalama imene alandira.

Dziwitsani mwa kalata, ndipo dziwani mwini nyumba

Foni ndi WhatsApp n'zothandiza kuti uthenga ufike msanga, koma zitsatidwe ndi kalata yodindidwa yopita ku khonsolo ya mzinda, ku unduna kapena bungwe limene limakuyang'anirani, ndi ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA. Cholinga n'chakuti malo anu alowe m'kauniuni wa zowonongeka, chifukwa ndalama zokonzera zimagawidwa motsata kauniuni ameneyo. Ngati muli ndi inshulansi, nayo idziwe sabata yomweyo.

Funso la umwini musalilumphe. Miyuziyamu ya ku Chichiri ndi ya boma, koma tchalitchi cha St Michael and All Angels ndi cha Sinodi ya Blantyre ya CCAP, ndipo mabungwe ambiri a zachikhalidwe amachita lendi kapena anangopatsidwa chipinda. Ndalama ya boma ikamalowa pa nyumba yosakhala ya boma, pakhale mgwirizano wolembedwa wonena amene alembe kontirakitala, amene asaine kuti ntchito yatha, ndi amene adzasamale nyumbayo pambuyo pake.

Gawani ntchito pawiri

Pali ntchito ya changu, monga kuphimba denga, kuchirikiza khoma ndi kutsegula ngalande, ndiye pali ntchito yokonza mokhazikika. Zisasakanikirane pa pepala limodzi. Ya changu ili ndi njira zake zachidule zogulira zinthu, koma njira zimenezo sizikhala zotseguka mpaka kalekale. Kupenta ofesi ya bwana patatha miyezi isanu ndi umodzi si ntchito ya changu, ndipo maodita adzakuuzani zomwezo.

Pa ntchito yokhazikika itanani injiniya ndi katswiri wowerengera zipangizo kuti alembe BOQ, mndandanda wa ntchito yonse ndi mitengo yake. Muwapemphe kuti asiyanitse zimene ngozi yawononga ndi zimene zinali zowonongeka kale. Ambiri amafuna kubisa chiswe cha zaka khumi pansi pa dzina la namondwe. Ndi bwino kuchilemba poyera pa mzere wakewake n'kupempha kuti chikonzedwe limodzi, popeza malata atsopano pa mitengo yofumbwa n'kutaya ndalama. Pemphaninso, mwa kalata, kuti mukonze moposa mmene zinalili: ngalande zokulirapo, mashelefu okwera kuchoka pansi, denga lomangirira bwino. Mukapanda chilolezo, zowonjezerazo zidzatengedwa ngati ndalama yogwiritsidwa ntchito molakwika, ngakhale zili zanzeru.

Kupeza kontirakitala

Walira mvula walira matope: mwapempha ndalama ya boma, ndiye malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma, akukhudzani. Ntchito idutse ku komiti yogula zinthu ya bungwe lanu ndipo zokambirana zilembedwe. Yaing'ono imafuna makoteshoni osachepera atatu ochokera ku makampani osiyana enieni, osati munthu mmodzi wa mapepala atatu. Yaikulu imalengezedwa. Malire a ndalama amasintha, choncho funsani wogula zinthu wanu kuti akuonetseni amene akugwira ntchito chaka chino. Kugawa ntchito imodzi m'tizidutswa pofuna kuzemba malirewo ndi mlandu. Kontirakitala akhale wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira za zomangamanga, lomwe ambiri timalidziwa kuti NCIC, ndipo akhale ndi chikalata cha MRA chosonyeza kuti misonkho ali nayo bwino. Wa m'komiti amene ali pachibale ndi wopikisana nawo anene, atuluke, ndipo kutulukako kulembedwe.

Ngati nyumba yanu ili m'gulu la zotetezedwa ndi lamulo, musagumule kapena kusintha kalikonse musanalandire chilolezo ku nthambi ya boma yoona za miyuziyamu ndi zipilala. Nyumba ngati Mandala House ya 1882, kapena St Michael yomangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, si za njerwa ndi simenti za masiku ano. Mmisiri wozolowera nyumba zatsopano amafuna kumata simenti paliponse, koma simenti ndi yolimba kuposa njerwa zakale ndipo imatsekera chinyezi m'kati, njerwa n'kuyamba kufumbutuka. Zomangira zofewa monga laimu ndizo zimagwirizana ndi makoma otere. Zimenezi zilembedwe mu BOQ momwemo, ndipo wopikisana aliyense aonetse nyumba yakale imene anakonzapo. Wotchipa kwambiri amene sanagwirepo ntchito yotere adzakudyerani zambiri.

Kulipira ndi kusunga fayilo

Ntchito iliyonse ikhale ndi fayilo yake: zithunzi, makalata, BOQ, makoteshoni, mgwirizano, ma invoice, malisiti. Lipirani ntchito yokhayo imene injiniya wayeza n'kusainira. Ndalama yoyambira iperekedwe pokhapokha pali chikole cha ku banki. Kusintha kulikonse, ngakhale kwa zenera limodzi, kuvomerezedwe pa pepala ntchito isanagwiridwe, osati pakamwa muli chiimire pa saiti.

Zinthu ziwiri zimapha bajeti mwakachetechete. China ndi kugwa kwa kwacha: mu Novembala 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo yolembedwa miyezi ingapo m'mbuyomo inasanduka nthano. Mgwirizano unene poyera chochita mitengo ikasintha, ndipo zipangizo zochokera kunja muziodetse msanga. China ndi kalendala: chaka cha ndalama za boma chimatha pa 31 Malichi, mvula isanalekeretu, pamene ntchito ya padenga imafuna chilimwe. Funsani msanga chimene chidzachitike ndi ndalama yotsala chaka chikatha, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Za maalawansi, tonse tikukumbukira phokoso la K6.2 biliyoni ya Covid-19 mu 2021. Misonkhano ya ntchito yokonza laibulale ichitikire mu laibulale momwemo, osati kunyanja.

Kutseka ntchito

Kontirakitala akati watha, yendani naye limodzi ndi injiniya, mulembe zotsala zonse, n'kujambula pamalo omwe aja munajambula tsiku loyamba. Gawo la ndalama limene mgwirizano ukuti lisungidwe musalitulutse mpaka nthawi yoyang'anira zolakwika itatha, ndipo yesetsani kuti nthawiyo idutse dzinja limodzi, chifukwa denga silidziwika mu Ogasiti. Mabuku ndi zakale zisabwerere makoma asanaumitsitse, ndipo zikabwerera pasakhalenso katoni yokhala pansi. Lipoti lomaliza lipite kwa amene anapereka ndalama, ndipo fayilo yonse ijambulidwe n'kusungidwanso kunyumba ina, chifukwa maodita angathe kubwera patatha zaka, amene anayendetsa ntchitoyo atasamutsidwa kale.